DC-10 ya injini zitatu: vuto linali kapangidwe kake kapena anthu oisamalira?

Wakuchipata

Moni akuluakulu nonse. Amene anakulira ku Zambia m'zaka za m'ma 1980 amaikumbukira Nkwazi, ndege yaikulu ya Zambia Airways imene inkapita ku London. Inali McDonnell Douglas DC-10, ya injini ziwiri m'mapiko ndi ina kumchira. Koma ukafufuza za DC-10 pa intaneti umangopeza nkhani za ngozi, mpaka ena akuti boma la America linailetsa kuuluka. Kodi ndegeyi anailakwitsa popanga, kapena ankalakwitsa ndi okonza ndi oyendetsa? Nanga injini ya kumchira ija inali ya chiyani, poti ndege zazikulu za masiku ano monga Boeing 787 zili ndi ziwiri zokha? Ndipo Nkwaziyo inathera kuti? Chonde amene mukudziwa mufotokoze bwinobwino, osangoti "inali ndege yoopsa" basi.

Chimphepo

A Wakuchipata, ndiyambe ndi za injini, chifukwa ndegeyi inabadwira pamenepo.

Mu 1966 kampani ya American Airlines inauza opanga ndege kuti ikufuna ndege yotakata, ya tinjira tiwiri pakati pa mipando, koma yocheperako kuposa Boeing 747, yoti izitha kutera pa mabwalo a msewu waufupi monga LaGuardia ku New York. Poyamba maganizo anali pa injini ziwiri, koma injini za nthawiyo zinalibe mphamvu zokwanira. Lamulo limati ndege ipitirize kukwera ngakhale injini imodzi itazima ponyamuka. Ukakhala ndi ziwiri, yotsalayo iyenera kusenza ndege yonse yokha, ndipo pa bwalo lokwera ngati la Denver, kumene mpweya ndi wopepuka, zimenezo zinali zovuta. Ukakhala ndi zitatu, imodzi ikazima umataya gawo limodzi mwa atatu, osati theka. Komanso ku America kunali lamulo loti ndege ya injini ziwiri isatalikire bwalo loti ingatere mwadzidzidzi kuposa ulendo wa mphindi 60. Ndege za injini zitatu anazimasula ku lamuloli mu 1964, choncho zinkadutsa nyanja molunjika.

McDonnell ndi Douglas anaphatikizana mu 1967. American inaitanitsa ndege 25 mu Febuluwale 1968, United Airlines n'kuitanitsa 30 mu Epulo. Yoyamba inauluka pa 29 Ogasiti 1970 ku Long Beach, California, ndipo pa 5 Ogasiti 1971 inayamba kunyamula anthu pakati pa Los Angeles ndi Chicago. Changu chonsechi chinali cha mpikisano, chifukwa Lockheed nayo inkapanga L-1011 TriStar, ndege yofanana nayo kukula, ya injini zitatunso, yolimbirana makasitomala omwewo. TriStar inachedwa chifukwa Rolls-Royce, yopanga injini zake za RB211, inagwa pa chuma mu Febuluwale 1971, moti inayamba ntchito mu Epulo 1972.

Ndege ziwirizi mungazisiyanitse poyang'ana kumchira. Pa TriStar injini ili m'kati mwa thupi la ndege kumapeto, ndipo mpweya umaifika kudzera mu paipi yokhota ngati chilembo S. Pa DC-10 injini yakhala pamwamba pa thupi, m'tsinde mwa mchira woimirira, mpweya n'kumangodutsa molunjika. Njira ya DC-10 ndi yosavuta kupanga, koma injiniyo ili patali ndi pansi, amakaniko amafunika nsanja kuti aifike, ndipo imadya malo a chiwongolero cha kumchira. N'chifukwa chake chiwongolerocho anachipanga chopindika pawiri, kuti chikhale ndi mphamvu ngakhale chili chachifupi.

Mitundu yake yofunika kuidziwa ndi iwiri. DC-10-10 inali ya maulendo a m'dziko la America momwemo: injini za General Electric CF6-6, matanki a malita pafupifupi 82,000, kulemera konyamuka nako matani 195, mtunda pafupifupi makilomita 6,500. DC-10-30 inali ya maulendo ataliatali: injini za CF6-50 zamphamvu kwambiri, mafuta oposa malita 135,000, mapiko otalikirapo ndi mamita 3, kulemera koposa matani 250, mtunda pafupifupi makilomita 9,600. Chifukwa cha kulemerako anaiwonjezera mwendo wina wa matayala awiri pakati penipeni pa mimba. Mukaona chithunzi, werengani matayala: 10 ndi ya -10, 12 ndi ya -30 kapena -40. Ya -40 inali ya injini za Pratt & Whitney JT9D, ndipo anaigula ndi Northwest ndi Japan Airlines. Kuchokera ku Lusaka kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 7,900, ndiye mukuona chifukwa chake Nkwazi inali ya -30.

Za ngozi ndisiyire a Sipanala.

Sipanala

Pa chitseko cha katundu palibe chowiringula, achimwene, pamenepo analakwitsa ndi opanga.

Ndege ikakwera m'mwamba amaipopa mpweya kuti anthu azipuma bwino. Pa msinkhu woulukira, mpweya wa m'kati umakankha khoma ndi mphamvu ya matani pafupifupi 6 pa sikweya mita iliyonse. Zitseko za anthu za DC-10 zimatsekera cha m'kati ndipo ndi zazikulu kuposa khomo lake, choncho mpweya ukamakankha umangozikanikiza. Koma chitseko cha katundu chimatsegukira kunja, kuti chisadye malo a katundu. Chimene chimachigwira ndi loko basi.

Lokoyo inkayenda chonchi. Mota yamagetsi inkazunguza ngowe zimene zili m'munsi mwa chitseko kuti zikole pa zitsulo za pakhomo. Ngowezo zimayenera kuzungulira mpaka zitapitirira pakati. Zili ngati chokowera cha bodi ya lole: ukachikankha mpaka chidumphe pakati, katundu akamakankha chimangomangika, koma chikaima theka, katundu yemweyo ndi amene amachitsegula. Mota ikatha ntchito, munthu wa panja ankatsitsa handulo, handuloyo n'kulowetsa mapini kumbuyo kwa ngowe kuti zisabwerere. Ankaganiza kuti ngowe zikapanda kufika, mapini agunda chitsulo, handulo ikana kutsika, munthuyo adziwa kuti chitseko sichinatsekeke.

Apa m'pamene panali cholakwika. Ndodo zolumikiza handulo ndi mapini zinali zofooka. Munthu akakanikiza mwamphamvu, ndodo inkapindika, handulo n'kulowa m'malo mwake, mapini ali panja. Choipa kwambiri n'chakuti getsi lochenjeza oyendetsa linkazima potengera kuyenda kwa handulo ndi ndodo zake, osati potengera kumene ngowe zafika. Panja zikuoneka bwino, kwa oyendetsa zikuoneka bwino, koma chitseko chikungogwiridwa ndi mabawuti a mota.

Chitseko kuthothoka si kumene kumagwetsa ndege. Chimene chimachitika n'chakuti mpweya wa m'chipinda cha katundu umatuluka nthawi yomweyo, pamene wa kumwamba, kumene kuli anthu, ulibe potulukira mwamsanga. Pansi popondapo apaulendo pamatsindikidwa kuchokera pamwamba mpaka kugumuka. Ndipo pansi pomwepo ndi pamene panadutsa zingwe zochokera kwa oyendetsa kupita ku ziwongolero za kumchira ndi ku injini yachiwiri, ya kumchira ija.

Zimenezi zinaoneka ndegeyi isanayambe n'kuuluka komwe. Mu Meyi 1970, akuyesa kupopa mpweya ndege yoyamba ili pansi, chitseko cha katundu chinaphulika, pansi n'kugumuka. Kenako pa 12 Juni 1972 ndege ya American Airlines nambala 96 itangochoka ku Detroit, chitseko cha kumbuyo chinathothoka pamwamba pa Windsor, Ontario. Wotseka anachita kukanikiza handulo ndi bondo. Munali anthu 67 okha, kumbuyo kunalibe kulemera kwambiri, choncho pansi panagumuka mbali imodzi, zingwe zina n'kutsala. Kaputeni Bryce McCormick anali ataphunzirapo kale pa makina oyeserera kuwongolera ndegeyi ndi mphamvu ya injini zokha, ndipo anaibweza ku Detroit popanda womwalira.

Pamenepo bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, likanalamula kuti ndege zonse zikonzedwe mokakamiza. M'malo mwake mkulu wake, John Shaffer, ndi mkulu wa Douglas, Jackson McGowen, anagwirizana kuti kampani ingotumiza malangizo kwa eni ndege: aike chitsulo chochirikiza ndodo kuti isapindike, mapini alowe mozama, aike kazenera kakang'ono kosuzumirapo kuti munthu aone ndi maso ngati mapini alowa. Mwezi womwewo Dan Applegate, injiniya wamkulu ku Convair, kampani imene inkapanga thupi la ndegeyi, analembera mabwana ake kuti zitsekozi zidzatsegukanso ndipo ndege idzatayika. Kalatayo sinapite ku McDonnell Douglas.

Pa 3 Malichi 1974 ndege ya Turkish Airlines nambala 981 inanyamuka ku Paris Orly kupita ku London itadzaza, chifukwa ogwira ntchito ku kampani ya ndege ya ku Britain anali pa sitalaka. Mapepala a fakitale ankasonyeza kuti chitsulo chochirikiza chija chinaikidwa, koma sichinalipo. Mapini anali atatcheredwa molakwika moti handulo inkatsika popanda kukanikiza kwambiri. Malangizo a pachitseko analembedwa m'Chingerezi ndi m'Chituruki, zilankhulo zimene wotsekayo sankawerenga, ndipo palibe anasuzumira pakazenera. Chitseko chinathothoka ndege ikukwera, pansi panagumuka ndi kulemera kwa anthu, zingwe zinaduka, ndipo patangotha masekondi 77 ndege inagwera m'nkhalango ya Ermenonville. Anthu onse 346 anamwalira.

Zitatero m'pamene loko anaisintha mokakamiza, kuti handulo isatsike ngati ngowe sizinafike. Mu 1975 FAA inalamulanso kuti ndege zonse zotakata, 747 ndi TriStar zomwe, zikhale ndi pansi polimba ndi timabowo totulutsira mpweya, kuti zipirire ngakhale patabooka bowo la pafupifupi masikweya mita awiri m'chipinda cha katundu.

Wakuchipata

Zikomo a Sipanala, zamveka. Ndiye kuletsedwa kuja kunabwera chifukwa cha chitsekochi?

Mayi_wa_Hangala

Ayi, kuletsedwa kunabwera patatha zaka zisanu, pa nkhani ina. Ndipo apa ndisiyana pang'ono ndi a Sipanala, chifukwa amene angawerenge zawozo yekha angaganize kuti ngozi iliyonse ya DC-10 inachokera ku fakitale.

Pa 25 Meyi 1979 ndege ya American Airlines nambala 191 ikunyamuka ku Chicago O'Hare, injini ya kumanzere inazuka pamodzi ndi pylon yake, chitsulo chachikulu chimene chimapachika injini kuphiko, n'kudumpha pamwamba pa phiko kugwera pa msewu wa ndege. Anamwalira anthu 271 a m'ndege ndi awiri a pansi.

Gwero lake linali ntchito imene inachitika ku Tulsa kumapeto kwa Malichi chaka chomwecho. Ankafuna kusintha maberingi a pamene pylon imalumikizana ndi phiko. Buku la opanga limati: tsitsani injini kaye, kenako tsitsani pylon payokha. American inapeza njira yachidule, yotsitsa zonse pamodzi pogwiritsa ntchito fokolifiti. Njirayi inkachepetsa mapaipi ndi mawaya omasula kuchoka pa 79 kufika pa 27, ndipo inkapulumutsa maola a ntchito pafupifupi 200 pa ndege iliyonse. Kunena zoona, kuchepetsa zomasula si maganizo opusa, chifukwa paipi iliyonse imene wamasula ikhoza kudzatayikira mafuta. Vuto linali fokolifiti.

Injini ndi pylon pamodzi zimalemera matani oposa 6. Kumbuyo kwa pylon kuli khoma lachitsulo limene limalowa m'chitsulo cha mphanda chomangidwa kuphiko, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wochepa zedi. Ukamasula bawuti ya kumbuyo, ya kutsogolo idakali, katundu yense amatsamira pa fokolifiti. Mafoloko akatsika pang'ono chabe, injini imawerama, kumbuyo kwa pylon n'kukwera kukamenya mphanda ija. Woyendetsa fokolifiti saona malowo, amangotsatira manja a mnzake. Pa ndege imeneyi ntchito inadutsanso pa kusinthana kwa shifiti, katundu ali lende pa mafoloko. Khoma la kumbuyo linang'aluka masentimita pafupifupi 25, pamalo posaoneka ndi maso zonse zikabwezeretsedwa, ndipo mng'aluwo unkakula pa ulendo uliwonse kwa milungu isanu ndi itatu.

Kampani ya Continental nayo inkagwiritsa ntchito fokolifiti ndipo inali itawonongapo ma pylon, n'kuwakonza osadziwitsa FAA. United inkatsitsa zonse pamodzi koma ndi kireni yopachika kudenga, ndipo ndege zake sizinapezeke ndi ming'alu yotere. FAA itapeza ming'alu pa ndege zina, pa 6 Juni inalanda chiphaso cha DC-10, n'kuchibweza pa 13 Julayi, patatha masiku 37. American inalipitsidwa madola 500,000, Continental madola 100,000.

Chaka chomwecho kunachitika ngozi zina ziwiri zimene zinaipitsa dzina la ndegeyi popanda chifukwa. Ya Western Airlines ku Mexico City pa 31 Okutobala inatera pa msewu wotsekedwa umene unkakonzedwa. Ya Air New Zealand pa 28 Novembala inawomba phiri la Erebus ku Antarctica, anthu 257 n'kumwalira, manambala a njira atasinthidwa mu kompyuta oyendetsa osauzidwa. Ya UTA imene inagwa m'chipululu cha Ténéré ku Niger pa 19 Sepitembala 1989, yopha anthu 170, inali bomba. Zonsezi zikanachitikira ndege ya mtundu uliwonse.

Sipanala

Mayi, pa za fokolifiti tikugwirizana. Koma funso n'lakuti, n'chifukwa chiyani ndege inagwa? Ndege ya injini zitatu iyenera kuuluka ndi ziwiri. Ya ku Chicago inakwera bwinobwino mamita pafupifupi 100 injini itachoka kale.

Injini pozuka inang'amba kutsogolo kwa phiko, n'kudula mapaipi a hayidiroliki opita ku ma slat. Ma slat ndi tizigawo ta kutsogolo kwa phiko timene timatuluka ponyamuka ndi potera kuti phiko linyamule ndege pa liwiro lochepa. Pa DC-10 ankagwiridwa panja ndi mphamvu ya mafuta a hayidiroliki, popanda loko yachitsulo yowaletsa kubwerera. Mafuta atatayika, mphepo inakankha ma slat a kunja kwa phiko lamanzere kubwerera m'kati, a kumanja ali panja. Phiko lamanja linkatha kunyamula mpaka liwiro litatsika kufika ma knot 124 (knot imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.85 pa ola), koma lamanzere tsopano linkafuna 159.

Oyendetsa anali pa 165. Buku la kampani linkati injini ikazima ponyamuka, kwerani pa V2, liwiro lotetezeka lokwerera injini imodzi itazima, lomwe tsikulo linali 153. Iwo anatsatira buku, n'kukweza mphuno kuti liwiro litsike. Atadutsa 159, phiko lamanzere linaleka kunyamula, ndege inapendekeka mpaka kupitirira chammbali, n'kugwa. Akanadziwa akanatsitsa mphuno, koma ali pampando sangaone phiko. Chipangizo chogwedeza chiwongolero pochenjeza kuti phiko latsala pang'ono kuleka kunyamula chinali mbali ya kaputeni yokha, ndipo magetsi ake ankachokera ku jenereta ya injini yomwe inagwayo. Getsi losonyeza kuti ma slat asiyana nalo linazima pa chifukwa chomwecho. Pambuyo pake analamula chogwedeza mbali zonse ziwiri chokhala ndi magetsi ochokera kosiyana, anaika mavalavu oletsa ma slat kubwerera, ndipo buku linasintha: ngati uli ndi liwiro loposa V2, usalitaye dala.

Mukaona bwino, matenda ake ndi omwe aja a chitseko. Zida zodalirana zilipo ziwiri kapena zitatu, koma zonse zadutsa malo amodzi kapena zikudya pa gwero limodzi, ndiye chinthu chimodzi chikaphulika chimazitenga zonse.

Zinaonekanso poyera pa 19 Julayi 1989, pa ndege ya United nambala 232 yochokera ku Denver kupita ku Chicago. Ili pa mafiti 37,000, disiki ya fani ya injini ya kumchira inasweka. Disikiyi ndi chimbale cha titaniyamu cholemera makilogalamu pafupifupi 170, chimene chimagwira mapeni a fani. Inapangidwa mu 1971 ili ndi kachilema m'kati mwa chitsulo, kamalo kouma kobwera chifukwa cha nayitirojeni posungunula. Pa kachilemako panayamba mng'alu umene unakula pang'onopang'ono pa maulendo oposa 15,000. Pouyeza komaliza ndi mankhwala owala, kutatsala maulendo 760 kuti ngozi ichitike, mng'aluwo unali wautali kuposa sentimita imodzi, koma woyezayo sanauone. Apa Mayi anena kuti ndi vuto la wopanga injini ndi woyeza, ndipo sakunama.

Koma DC-10 ili ndi mizere itatu ya hayidiroliki, uliwonse ndi pampu yake pa injini yake, ndipo ilibe zingwe zoti munthu n'kuwongolera ndi mphamvu ya manja mafuta akatha. Mizere yonse itatu imakumana kumchira, pafupi ndi injini yachiwiri. Mzere wachiwiri unapita ndi injini yomwe, ndipo zidutswa za disiki zinaboola mchira wopingasa n'kudula woyamba ndi wachitatu. Mafuta onse anatayika. Panalibenso chiwongolero chilichonse chogwira ntchito. Kaputeni Al Haynes ndi anzake, pamodzi ndi Dennis Fitch, mphunzitsi wa oyendetsa DC-10 amene anakwera ngati wapaulendo, anayendetsa ndegeyo kwa mphindi zoposa 40 ndi injini ziwiri za m'mapiko zokha: kuonjezera moto kumanja kuti ikhotere kumanzere, kuonjezera zonse kuti ikwere. Matayala anawatsitsa ndi kulemera kwawo komwe, koma ma flap, tizigawo ta kumbuyo kwa phiko tothandiza kutera pa liwiro lochepa, sakanatuluka, choncho anafika ku Sioux City pa liwiro la ma knot pafupifupi 220 m'malo mwa 140. Phiko lamanja linagunda pansi, ndege inasweka n'kuyaka. Mwa anthu 296, anapulumuka 184.

Mankhwala ake anali aang'ono modabwitsa: valavu yotseka yokha pa mzere wachitatu, yoti ikaona mafuta akutsika mu thanki imatseka mbali ya kumchira, kuti kutsogolo kutsale mafuta oyendetsera ziwongolero za m'mapiko. TriStar inali ndi mizere inayi kuyambira pachiyambi.

Mayi_wa_Hangala

Pa mizere ya hayidiroliki ndavomera, bambo. Ndingowonjeza kuti ngozi ya Sioux City inasinthanso kasungunulidwe ka titaniyamu wa madisiki ndi kayezedwe kake pa injini za makampani onse, osati za DC-10 zokha. Disiki yoswekayo inakapezeka patatha miyezi itatu m'munda wa chimanga ku Iowa, nthawi yokolola, ndipo ofufuza anauona mng'aluwo ndi zotsalira za mankhwala oyezera aja zili m'kati mwake. Ndi umboni umenewu umene unasonyeza kuti mng'alu unalipo kale tsiku loyeza.

Chimphepo

A Wakuchipata, chimene chinathetsa DC-10 pamsika si ngozi kwenikweni, ngakhale za mu 1979 zinaibweza m'mbuyo. Makampani anapitiriza kuigwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo itakonzedwa mbiri yake inafanana ndi ya ndege zina za nthawi yake. Chinaithetsa ndi ndalama.

Airbus A300, yotakata koma ya injini ziwiri, inauluka mu 1972 ndi injini za banja lomwelo la CF6. Kenako kunabwera Boeing 767. Injini zitayamba kudalirika, mu 1985 FAA inalola ndege za injini ziwiri kutalikira bwalo mpaka mphindi 120 pansi pa malamulo a ETOPS, ndipo pasanathe zaka zinayi zinafika 180. Chifukwa chachikulu chokhalira ndi injini yachitatu chinathera pomwepo. Chotsala chinali mtengo wake: injini ina yogula, yokonza, yomwetsa mafuta, kuphatikiza zitsulo zolemera zoichirikiza kumchira. DC-10 inkafunanso anthu atatu kutsogolo, oyendetsa awiri ndi injiniya woyang'anira mafuta, magetsi ndi mpweya, pamene 767 imangofuna awiri.

Fakitale inapitirira chifukwa asilikali a America anaitanitsa KC-10 zokwana 60, zomwetsa mafuta ndege zina m'mwamba. Zonse pamodzi zinapangidwa 446, ndiye kuti 386 za makampani ndi 60 zimenezo, ndipo yomaliza inapita ku Nigeria Airways mu 1989. TriStar inathera pa 250, Lockheed n'kusiyiratu kupanga ndege za anthu. M'malo mwa DC-10 munabwera MD-11, yotalikirapo, ya oyendetsa awiri, imene inauluka mu Januwale 1990, koma zinangopangidwa 200, ndipo mu 1997 McDonnell Douglas inalowa mu Boeing.

Ukalamba wake DC-10 inaudyera pa katundu. FedEx inasintha zambiri kukhala MD-10, kuika makompyuta kutsogolo n'kuchotsa mpando wa injiniya, ndipo inaziyendetsa mpaka kumapeto kwa 2022. Imodzi mwa izo inaperekedwa ku bungwe la Orbis kukhala chipatala cha maso chouluka. Zina anaziika matanki pamimba a malita pafupifupi 35,000 ozimitsira moto wa m'nkhalango. Anthu olipira tikiti anaikwera komaliza mu Febuluwale 2014, pa ndege ya Biman Bangladesh imene inachoka ku Dhaka kupita ku Birmingham. KC-10 inapumitsidwa mu Sepitembala 2024.

Nkwazi, nambala yake N3016Z, inafika ku Zambia Airways mu 1984, ndipo inali m'gulu la ndege zimene zinatuluka m'fakitale loko ya chitseko ndi pansi zitakonzedwa kale. Kupatula London, inkafikanso ku New York kudzera ku Monrovia. Zambia Airways itatsekedwa mu Disembala 1994 chifukwa cha ngongole, ndegeyo inapita ku Monarch Airlines ya ku Britain ndi nambala yatsopano G-DMCA, n'kumanyamula anthu opita kutchuthi. Itapumitsidwa anaiphwasula, koma gawo la kutsogolo, kuyambira mphuno ndi chipinda cha oyendetsa mpaka mizere ingapo ya mipando, analisunga pa Runway Visitor Park pa bwalo la ndege la Manchester. Abale amene muli ku Britain mungakalione kumeneko, lili mu penti ya Monarch.